Sopo Anali Wouma

Alamu, inu munatsegulira munthu wachifuwa chitseko cha chipinda changa, n'kumupatsa mwana wanga m'manja. Ndikunena inuyo, azakhali ake enieni, mlongo wa malemu bambo ake. Foni simukuyankha, ndiye ndalemba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi muwerenga.

Mukudziwa mmene mwana wanga Kafulumira anabwerera. Mchimwene wanu tinamuika ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Itakwana isanu ndi iwiri matenda anandiyamba ndili pamakina, ndikusoka yunifomu ya eni ake. Mwana anabadwa kulemera kwake paketi ya shuga ndi theka. Masabata asanu tili m'chipatala. Tsiku lotuluka, nesi wamkulu wamagalasi uja analankhula inu muli pomwepo, mutanyamula chikwama changa. Mwana azikhala pachifuwa, khungu kukhudza khungu, chipewa chisachoke kumutu. Wolowa asambe m'manja ndi sopo. Wotsokomola asayandikire n'komwe. Inu ndi amene munayankha kuti, "Tamva, anesi."

Ndinaika beseni, jagi ndi sopo pampando wa pakhomo, ndipo ndinasanduka choseketsa mdadada wonse wa nyumba za lendi. Ometa tsitsi oyandikana nafe aja ankakuwa kuti, "Kwa atelala masiku ano n'kubwalo la ndege, konzani pasipoti!" Alandilodi ndinawabweza chifukwa choyetsemula kamodzi kokha. Makasitomala ndimawayezera panja. Aseke, mwana ndi wanga.

Vuto linali apongozi, mayi anu. Chifuwa chawo chinayamba pamaliro, pano chatha miyezi inayi. Diresi lawo labuluu ndalibweza m'chiuno kawiri ndi manja angawa, ndiye musandiuze kuti sakuonda. Kuchipatala akukana, akuti ndi fumbi chabe. Amangodzipaka mafuta onunkha aja pachifuwa. Akabwera ndinkatseka windo n'kuwaonetsa mwana pagalasi.

"Mwana wa mwana wanga ndizimuonera pagalasi ngati nsapato za m'sitolo?"

"Kayezetseni kaye, amayi. Akakati muli bwino, mudzamunyamula mpaka manja atope."

"Mphuno imeneyo ndi ya mwana wanga. Wandilanda wamkulu Mulungu, wamng'onoyu ukundilanda iwe."

Anachoka akulira, nanenso ndinalira. Koma windo sindinatsegule.

Tsopano za Lachiwiri. Munabwera m'mawa, munasamba m'manja bwinobwino, munasesa, munachapa matewera. Ndinati kumtima, koma ndili ndi mlamu. Masana dzuwa litatentha munati, "Alamu, pitani mukasambe, muchapenso tsitsilo. Musathamange, mwana ndimuika pachifuwa panga." Chibadwire cha mwanayu simunandiuzepo kuti ndisathamange. Ndipo foni yanu munkaiyang'anayang'ana ngati mukudikira zotsatira za mayeso. Ine wopusa ndinamumanga pachifuwa panu ndekha, n'kunyamula ndowa.

Kubafa kunali mzere, anthu awiri patsogolo panga. Ndili ndi thovu kumutu ndinamva munthu akutsokomola kutsogolo kwa nyumba, chifuwa chakuya, chokoka. Ndinadziuza kuti ndi kasitomala wa ometa.

Nditabwerera ndinapeza mwana sali pachifuwa panu. Ali pabedi, wokulungidwa m'bulangeti, manja ozizira. Chipewa chija ndinasoka ndine, ndipo msoko wake ndimauika kumbuyo nthawi zonse kuti usamukande pamphumi. Ndinaupeza uli kutsogolo.

"Wavula mwana chipewa ndani?"

"Chinagwa chokha, ndiye ndamuveka."

"Chinagwera pansi?"

"Eya. Koma musadandaule, ndinakung'untha, ndinayambanso ndasamba m'manja."

Ndinatuluka pakhomo, ndinagwira sopo. Wouma gwa, mpaka ming'alu. Beseni louma. Madzi m'jagi ali pomwe ndinawasiya popita kubafa, pa kachizindikiro kofiira. Munasambira chiyani, alamu, mphepo?

Ndinabwerera, ndinanyamula mwana, ndinanunkhiza kumutu. Mafuta a pachifuwa aja. Fungo limenelo ndingalidziwe ngakhale mutandimanga m'maso. Munthu anamuvula chipewa kuti aone tsitsi ngati lili la bambo ake, anamukhumbatira, mwina anamupsompsona. Inu munati ndi fungo la mafuta a makina. Makina ndakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, sanayambe anunkha choncho. Kenaka munakumbukira mwadzidzidzi kuti munasiya zovala pachingwe kwanu, ulendo.

Ndafunsa anthu. Alandilodi akuti, "Ine munandithamangitsa, ndiye pakhomo panu ndiyang'anirenji?" Ometa akuti, "Mayi, ine ndimaona anthu kunkhongo, nkhope sindizidziwa." Koma ananena akuyang'ana pansi, makina akulira m'manja popanda mutu wometa. Apongozi sanaonekenso pawindo kuyambira tsiku limenelo, munthu amene ankabwera tsiku ndi tsiku. Wakhuta ndi amene amasiya kusuzumira mumphika.

Ndi maso anga sindinaone, ndikuvomera. N'chifukwa chake ndikufunsa.

Lachisanu mwana anayamba kutseka mphuno. Akayamwa pang'ono amasiya, n'kumapuma ngati wathamanga. Dzulo ndinapita naye kusikelo, sanakwere ngakhale pang'ono. Nesi wamagalasi anamumvetsera pamsana nthawi yaitali, kenaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Alipo wa chifuwa chokhalitsa amene wamunyamula?"

"Ndikuganiza kuti alipo, chipewa chake chinkanunkha mafuta a pachifuwa."

"Kuganiza ayi, mayi. Mwina n'chimfine chabe. Koma ngati alipo, munthuyo abwere tidzamuyeze makhololo, tidziwe ngati mwanayu tiyambe kumuteteza ku chifuwa chachikulu. Kamwana aka sindingakayambitse mankhwala a miyezi chifukwa cha fungo la pachipewa. Lolemba mubwere ndi zoona."

Ndinaima pamenepo, mayi wosadziwa amene wagwira mwana wake.

Kuti munawamvera chisoni mayi anu ndikudziwa. Iwo anaika mwana, ine ndinaika mwamuna, manda ake ndi amodzi omwewo. Za kukhululuka tidzakamba mwanayu akadzayamba kukwawa. Lero sindikufuna misozi, sindikufuna mutumize abale kudzandipepesa, sindikufuna "alamu mwakwiya chifukwa chiyani." Akuyamwa panopa ndikulemba ndi dzanja limodzi, ndipo ndikumva kamluzu m'mphuno mwake.

Lolemba sikelo imatsegula seveni koloko, ine ndidzakhala woyamba pabenchi. Ngati mayi anu analowa, mubwere nawo, ndi diresi labuluu lomwelo, adzayezedwe. Ngati sanalowe, mubwere nokha mudzandiuze ndikukuyang'anani m'maso, nesi ali pomwepo.

Mayi anu anamunyamula mwana wanga kapena ayi? Mphindi zingati? Anamupsompsona? Ndiyankheni.