Kadzenje Pachibwano

"Taonani kaye, Amayi, musanayambe kukana," anatero Nesi, uku akukankha makapu osatsuka kuti foni ipeze malo patebulo.

Mayi anavala magalasi. Linali tsiku lachiwiri chimwalirireni amuna awo, a Mawotchi, amene anakonza mawotchi zaka makumi anayi m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba. Mawa lake kunali kuika maliro, ndipo wosindikiza mapepala a pulogalamu anali ataimba kale kawiri: chithunzi cha malemu chifike isanakwane leveni koloko, apo ayi pachikuto pakhala mtanda wokha.

Vuto linali lakuti a Mawotchi ankathawa kamera ngati jakisoni. Chithunzi chimene chinalipo chinali cha pachiphaso chokha, ndevu mpaka pakolala, maso ali tong'o. Nesi, mwana wawo woyamba, amene dzina la ntchito yake linamutsatira mpaka kunyumba, anali atachikana dzulo lake. Anati bambo ake akuoneka ngati munthu amene apolisi akumufunafuna.

"Ndapeza china m'dirowa ya tebulo lawo la ntchito," anatero Nesi. "Chakale, chosuluka, nkhope yosaoneka bwino. Ndiye ndachijambula ndi foni n'kuchilowetsa pa intaneti. Pali pena pake pamene umangoikapo chithunzi, n'kudina, icho n'kutuluka ngati munthu wachijambula ndi pensulo. Mizere yonse imene inasuluka yabwerera. Taonani Ababa ali mnyamata."

Mayi anayang'ana. Pafoni panali mnyamata wa shati ya kolala yaikulu, tsitsi lopesa bwino, chibwano chometa mbee. Pachibwanopo panali kadzenje, kodetsedwa mwaluso ndi timizere ting'onoting'ono.

Mayi anayang'anitsitsa kadzenjeko.

A Mawotchi analibe kadzenje pachibwano. Ana sakanadziwa zimenezi, chifukwa bambo awo anayamba kusunga ndevu Nesi asanabadwe, ndipo sanazimetepo. Kadzenje kanali ka mkulu wawo, amene anthu ankamutchula kuti Dalaivala. Ameneyo ndi amene anayamba kufunsira Mayi. Lole yake inagubuduzika, iye n'kufera pomwepo, kutatsala miyezi iwiri kuti achite ukwati. Patapita zaka ziwiri Mayi anakwatiwa ndi mng'ono wake, mwa kufuna kwawo, ndipo anthu analankhula mpaka anatopa okha.

Chithunzicho chinali cha Mayi. Dalaivala anawapatsa yekha, iwo n'kuchibisa musutikesi, pansi pa madiresi, chitang'ambika pakona chifukwa chogwiragwira. Chaka choyamba cha banja chisanathe, chinasowa. M'nyumbamo munali anthu awiri okha, choncho panalibe chofunsa. A Mawotchi sananene kanthu, Mayi sanafunse kanthu. Mwezi womwewo bamboyo anasiya kumeta, ndipo Mayi anamva okha tanthauzo lake: usamafune nkhope ya mkulu wanga pankhope yanga. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti chithunzicho chinapsa kalekale pambaula.

"Bwanji mwangoti zii?" anafunsa Nesi. "Sichabwino?"

"Makinawo sawonjezera zawo?"

"Sawonjezera. Amangotsatira zimene zilipo."

"Kolala imeneyi anthu aseka."

"Amayi, pamaliro anthu samabwera kudzaona kolala. Nditumize?"

"Tandipatsa kaye madzi akumwa."

Nesi anapuma mokoka n'kupita kumpopi. Mayi anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa teni ndi mphindi makumi awiri, ndipo m'nyumba imeneyo wotchi sinkanama. Kuchipinda chochezera azimayi a kutchalitchi ankaimba chapansipansi, wina akutsogolera ndi mawu osasa.

Kunena kunali kovuta. Nesi ankadziwa kuti bambo ake anali ndi mkulu wawo amene anafa pangozi, basi. Zina zonsezo sanauzidwe. Munthu ungayambe bwanji kuuza mwana, bambo ake ali m'bokosi, kuti mayi ako anasunga chithunzi cha mwamuna wina pansi pa madiresi? Koma kukhala chete kunali ndi zake. Mapepala mazana awiri akanagawidwa pakhomo la tchalitchi, ndipo a Mawotchi, amene anakhala moyo wonse akuyerekezedwa ndi mkulu wawo, akanaikidwa m'manda atavala nkhope yake.

Foni inalira m'manja mwa Nesi. "Eya, bambo, tikutumiza pompano. Ayi, chilipo. Mphindi zisanu zokha." Anadula n'kuika foniyo ndi kapu yamadzi patsogolo pa Mayi. "Mwamva nokha."

Chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Analowa Azakhali, mchemwali wa malemu, yekhayo wotsala pa ana atatu, atanyamula fulasiki yopanda kanthu. Iwowa ndi amene pa tsiku la ukwati ananena mokweza kukhitchini kuti mkwatibwi wangosintha mpando m'basi yomweyo. Mayi anamva, ndipo sanaiwale.

"Tiyi watha uko, inu mwangokhala ngati muli pa siteji," anatero Azakhali. "Mukuonera chiyani?"

"Chithunzi cha papulogalamu, Azakhali. Tabwerani mutithandize, Amayi akuvuta."

Mayi anaika dzanja pafoni. Maso a Azakhali anali atayamba kuchita ng'ala. Mwina sakanazindikira. Mwina akanazindikira mawa, pakati pa anthu, n'kuimirira. Mayi sanadziwe chimene chinali choipa kwambiri pa ziwirizo. Anachotsa dzanja lija, n'kuvula magalasi.

"Usatumize, Nesi. Amenewa si bambo ako."

"Mwati chiyani?"

"Ndati si bambo ako. Ndi mkulu wawo. Bambo ako analibe kadzenje pachibwano."

"Mungadziwe bwanji, ndi ndevu zonse zija?"

"Ndinakwatiwa nawo asanakhale ndi ndevu."

Nesi anakuza chithunzicho ndi zala ziwiri mpaka chibwano chinadzaza foni. "Nanga chimafuna chiyani m'dirowa mwawo? Chabwino, anali mkulu wawo. Koma inu mwachita kuoneka ngati mwaona mzukwa."

Mayi anamwa madzi pang'ono. "Chithunzicho ndi changa. Anandipatsa mwini wake. Ndi amene ndimayenera kukwatirana naye poyamba. Ndinachisunga nditalowa kale m'banja, bambo ako n'kuchipeza. Nkhani ndi yomweyo, ilibe mchira wina."

Nesi anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana mayi ake, kenako azakhali ake. "Inu mumadziwa?"

"Za ukwatiwo aliyense wa msinkhu wanga amadziwa," anatero Azakhali. "Za chithunzi ndikumva lero. Tandipatsa kuno."

Mayi anadikira mawu amene anawadikira zaka makumi anayi. Azakhali anaika fulasiki pansi, n'kubweretsa foni pafupi ndi mphuno. Kenako anakhudza chibwanocho ndi chala, chithunzi n'kuthawira kumbali.

"Wachichotsa bwanji? Tabweza."

Nesi anabweza.

"Ndi iyeyo," anatero Azakhali. "Mayi athu ankati kadzenje aka n'kosungiramo bodza. Ine ndimayesa palibe chithunzi chake chinatsala, alamu. Nkhope yake inali itandithawa. Ndimati ndikamuganiza, pamabwera mng'ono wakeyu." Anapukuta mphuno. "Shati iyi anabwereka, sinali yake. Nesi, undisindikizire changa chimodzi. Koma papulogalamu ayi. Achimwene ali m'bokosi umo anavutika mokwanira ndi kuyerekezedwa ndi mkulu wawo."

"Ndiye titumize chiyani? Kwatsala mphindi khumi," anatero Nesi.

"Cha pachiphaso," anatero Mayi.

"Cha apolisi chija?"

"Chomwecho. Ndi mmene ankayang'anira munthu akabweretsa wotchi imene wayesa kukonza yekha ndi mpeni. Chilowetse m'makina akowo ngati ukufuna, koma ndevu zisachoke ngakhale imodzi."

Nesi anatenga chiphaso pamwamba pa firiji, anachijambula, anadina. Kanthu kozungulira kanazungulira pafoni, kenako a Mawotchi anatuluka, ndevu zonse zili mizeremizere, maso ali tong'o. Nesi anaseka, misozi ikutsika. Anatumiza.

Sanayang'ane mayi ake pamene ankafunsa. "Ababa munkawakonda, kapena munangoti bola?"

"Ndinayamba ndi bola," anatero Mayi. "Sizinatenge nthawi. Koma sindinawauze bwinobwino, chifukwa ndimayesa andisungira mlandu. Chithunzicho wachisiya kuti?"

"Patebulo pawo. Chinali mu envulopu, envulopuyo ili m'dirowa momwemo."

Mayi anadzuka. Anadutsa kuseri kwa azimayi oimba aja osayang'ana aliyense, n'kulowa m'kachipinda ka ntchito. Munkanunkha mafuta a makina. Chithunzi chinali patebulo, pafupi ndi galasi la diso limodzi loonera m'kati mwa mawotchi. Anachitembenuza. Pamene panang'ambika panali pomata kumbuyo ndi kapepala kopyapyala, mosamala kwambiri moti kumaso mzere sunkaoneka.

Anakoka dirowa. Munali timaenvulopu tandandalika, tamawotchi amene eni ake sanabwere kudzatenga, kalikonse kolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono za a Mawotchi. Aphunzitsi a kuseri kwa msika, lamba watsopano, yakonzedwa. Mayi wa pabanki, batire, yakonzedwa. Kumbuyo kwenikweni kunali envulopu yachikasu ndi ukalamba, yopanda kanthu. Mayi anaisendeza kuwindo, n'kuwerenga.

"Cha akazi anga. Chinang'ambika pakona. Chakonzedwa. Adzatenga akadzafunsa."

Anawerenga kawiri. Kenako analowetsa chithunzi mu envulopu yake, anakhala pampando wa amuna awo, n'kuiika pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake.