Waya wa Udzu pa Sitampa ya a Balz

Ndinali pakhomo la chipinda chogwirira ntchito, khofi ali m'manja, pamene ndinamva amuna anga a Balz akutukwana. Zaka makumi anayi tili pabanja ndinali ndisanawamvepo akutero, ngakhale tsiku limene asidi anawadyera mkuwa wa chithunzi chomwe anachivutikira chaka chathunthu.

"Bwerani mudzaone, amake Regula," anatero osatembenuka. "Dzanja landitaya."

Kachitsulo kodindira sitampa kamene ankagwirapo ntchito kanali kochepa ngati bokosi la machesi. Miyezi inayi anali akuzokotapo chigwa cha kwathu ku Uri: phiri, ng'ombe zitatu ndi kanyumba kosungiramo udzu. Inali sitampa yatsopano, ndipo a ku positi amayenera kudzatenga kachitsuloko Lachisanu. Nditasuzumira pagalasi lokuzira zinthu, ndinaona chimene chinachitika. Chozokotera chinaterereka pamwamba pa phiri n'kusiya mzere wopendekera, wothera m'malere.

"Simungafufute?"

"Chitsulo si bolodi la kusukulu, mayi. Ndikasalaza, thambo likhala ndi dzenje, inki izidikhamo." Anayang'ana zala zawo ngati za mlendo. "Ndiwalembera kalata a ku positi, apeze wina wa manja abwino. Ine ndatha."

Za sitampa sindinkasamala kwenikweni. Ndinkaopa kuti a Balz akasiya kuzokota sakhalitsa, pakuti munthuyu analibe munda, analibe mowa, analibe ngakhale mnzake wosewera naye makhadi. Masiku awiri anangokhala pazenera, zida atazikulunga pansalu. Mbatatesi ndi tchizi zinkabwerera kukhitchini momwe zapitira.

Lachinayi m'mawa ndinalowa kukapukuta fumbi, ndipo chidwi chinandikokeranso pagalasi paja. A Balz ndi mwana wa m'tauni, wa ku Basel. Mapiri amawadziwa ndi maso okha. Ine ndinabadwira m'tsinde mwa phiri lomwelo, kumene amuna amakwera kukamweta udzu m'matherezi osafikako ng'ombe, n'kuumanga mitolo, n'kuitsitsa pa waya mpaka m'chigwa. Nditauyang'anitsitsa mzere uja ndinaseka ndekha.

"Bambo a Regula, tabwerani. Udzu wa m'kanyumbaka umafikamo bwanji? Uli ndi mapiko?"

"Waya ndinausiya dala," anayankha monyinyirika. "Umanyansitsa chithunzi."

"Umanyansitsa? Waya umenewo ndi umene unandilera ine, inu n'kudzandipeza ndili wonenepa. Taonani pamene mzere wayambira. Ndi pathanthwe lomwe lija bambo anga adakhomerapo chikhomo. Dzanja lanu lili ndi nzeru kuposa mutu wanu."

Anawerama pagalasi nthawi yaitali. Kenaka anapukusa mutu.

"Kuti ukafike pakanyumba, pafunika mzere umodzi wosadukiza. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, zonse zapita."

"Si mwanena nokha kuti zapita kale? Nanga mukuopanso chiyani, agogo?"

Mawu akuti agogo anawalasa. Anamasula nsalu ija, n'kunola chozokotera pamwala mpaka ine kutopa kuyang'ana. Ndinapita pakhoma n'kuimitsa wotchi yaikulu kuti isawasokoneze, chinthu chimene m'nyumba mwathu tinkachita pamaliro pokha. Anaika kachitsulo pakhushoni yachikopa, nsonga pamene mzere unathera, n'kusiya kupuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine ndinalephera. Ndinatsinzina.

Nditatsegula maso, kanyenyeswa kachitsulo kopyapyala ngati tsitsi kanali katapiringizika pansonga pa chozokotera. Waya unali utafika padenga la kanyumba. Pomwe ngozi inathera ndi pomwe luso linayambira sipankaoneka.

"Silinanjenjemere," ananong'ona.

"Ndaona," ndinanama.

Ndinangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira, kulira kokoma kwa munthu amene watula katundu. Iwo anali kale mkati mowonjezera kamtolo ka udzu kolendewera pa wayapo, kochepa ngati njere ya mpiru. Atatha anafunsa ngati mbatatesi zija zinatsalako.

Bwana wa ku positi, a Tschudi, anabwera Lachisanu. Anasuzumira pagalasi, manja kumbuyo.

"Waya uwu pa chojambula choyamba chimene munationetsa panalibe," anatero.

"Panalibe," a Balz anavomera, akutsokomola chifuwa chomwe analibe.

"Mwachita bwino. Munthu wa m'tauni sakanauganiza."

Ine ndinangothira khofi wina.

Sitampa itatuluka, kalata yoyamba kutipeza inali ya achimwene anga a Wisi, amene analipobe m'chigwa muja ndipo sankalemba kalata ngakhale pa Khirisimasi. Sitampa anaimata mokhota. M'kati munali udzu wouma wodzaza chikhatho ndi kapepala kamodzi: "Uwauze alamu kuti waya wathu sunawongokepo chotere."

A Balz anaseka mpaka magalasi kugwera patebulo. Ananunkhiza udzuwo, n'kusankhapo kamodzi kokhala ndi duwa louma, n'kukagoneka pansi pa galasi lawo. Dzanja linalo linali likufufuza kale m'kabati mkuwa watsopano.