Miyendo ya Ackson pa Windo

Nkhaniyi anandiuza ndi Lemmy, wowotcherera mapoto pafupi ndi siteshoni ya Kafue, m'zaka zomwe mafakitale ankagulitsidwa, amuna n'kumangokhala pamthunzi.

Maliro a Ackson atangoikidwa, mkulu wake Gideon, wochokera ku Petauke, anayamba kupekusa m'sutikesi. Anapezamo chithunzi chakuda cha kuchipatala, n'kuchiimika pa windo. Clementina, mkazi wamasiye, ankangoyang'ana ali pamphasa.

Ankachidziwa bwino. Miyendo ya mwamuna wake itayamba kuuma, madokotala a ku Lusaka anamulowetsa m'makina oona m'kati mwa thupi. Anati kachilombo kanaononga mtsempha wa mumsana, minofu n'kufota, mafuta n'kulowa m'malo mwake. Pachithunzipo ntchafu zinkaoneka ngati chinangwa chodula, pakati pali mawanga oyera.

Gideon analoza mawangawo.

"Mulamu, nyama ya m'bale wanga inayenda kuti?"

Clementina anafotokoza za kachilombo kaja. Gideon anati kachilombo sikasankha mnofu n'kusiya fupa. Amene amadya munthu akali moyo amadziwika, ndipo sakhala patali ndi bedi. Anagamula kuti zovala za malemu zikagawidwa mawa lake, mayiyo atuluke m'nyumba yawo ya ku komboni ya Nangongwe. Azimayi amene anakhala naye pamphasa anasendera kutali mmodzimmodzi. Clementina anagona yekha pakhonde, mphepo ya Juni ikuchokera kumtsinje.

Kutacha anadzutsidwa ndi kutentha kumsana. Pambali pake panali mbaula, makala ali psu. Pabwalo losesedwa dzulo lake panali mizere iwiri yokhwekhwereza, kuchokera kukhitchini kudzathera pamphasa. Yobwerera panalibe.

Aneba anaima kumpanda. Mizere yotere ankaiona m'mawa uliwonse wozizira Ackson ali moyo, akamadzikhwekhwereza pansi.

"Ba Gideon," anatero Clementina, "m'bale wanu sanafunepo kuti nizuke na mphepo. Olo miyendo ikane, enze kunibweretsera moto."

Gideon anawerama n'kuyika chala mumzere umodzi. Anachichotsa msanga, n'kuchipukutira pa thalauza. Za zovala sanatchulenso. Anakwera minibasi asanadye kanthu, chithunzi chikadali pa windo. Clementina anachitsitsa, anachifungatira, n'kusendera kumoto.

Ine ndikukayika. Mizere iwiri ngakhale thumba la makala likhoza kulemba, ndipo Lemmy anali mnzake wa malemu. Koma nditamufunsa ngati anali iye amene anabweretsa mbaulayo, anangondionetsa nyumbayo. Mayiyo akukhalamobe.