Botolo la Apongozi

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha korona, Dina anakhala miyezi isanu pa okala ya amayi ake ku Santhe. Ntchito yake kugulitsa mafirizesi ndi mandasi. Zotsala ankamaliza yekha. Masaya anatuluka. Bambo ake, Esau, ankayenda monyada: fodya wayenda bwino, taonani mwana.

Kenako ludzu losatha. Kukodza pafupipafupi. Kuchipatala anamubaya chala nati ndi shuga, mtundu wachiwiri, uja timati ngwa madala amimba. Mwana wa zaka khumi. Adokotala anati masiku ano akuwaona angapo otere. Anapereka mapiritsi ndi lamulo: zotsekemera basi, apo ayi adzagonekedwa. Esau ndi mkazi wake Consolata sanauze munthu. Akanakhulupirira ndani?

Loweruka kunabwera odzazonda, atangomva zoti mwana akudwala. Amayi a Mvano asanu ndi mmodzi, mamasiki kukamwa, anakhala motalikirana pabwalo. Anaimba. Anapemphera. Ndiye anayamba kumasula mipango. Aliyense botolo la chakumwa chotsekemera, pajatu kwa wodwala sapita chimanjamanja. Mphatso yotere sakana. Wodwala amamwa pomwepo, wopereka akuona.

Consolata anayang'ana mwamuna wake. Esau anadzambatuka. Anati kwawo ku Kapelula bambo ndiye amayamba kulawa. Analawa mpaka pansi. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachinayi anamasula lamba. Dina anabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake, mapewa akugwedezeka. Pa lomaliza Esau anageya, nkhuku zinabalalika. Amayi awiri anatsitsa mamasiki kuti aseke bwino.

Wapambana. Anayambitsa yekha kolasi, akuvina ndi mapewa okha.

Ndiye kuseri kwa chigafa kunatulukira apongozi ake, amayi a Consolata. Mkamwini sanamuyang'ane n'komwe. Anatsegula botolo lawo naliika m'manja mwa mdzukulu. Mkamwini samwa pamaso pa apongozi. Kuwalanda ndiye sizinamvekepo. Komanso mimba inalibe malo.

Botololo linali lozizira, la malalanje, lomwe Dina amalikonda. Anayamba kulikweza pang'onopang'ono, maso ali pa bambo ake.

Esau anagwada movutikira. Anayang'ana pansi.

"Amayi, pepani. Mwanayu ali ndi shuga. Akamwa chimenecho tikamugoneka kuchipatala."

Apongozi anatsomphola botolo lija lisanafike pamlomo.

"Nanga zimenezi mumalephera kunena? Ine ndaima kuseriko nthawi yonseyi. Ndimati mwana wanga anakwatiwa ndi fisi."

Amayi a Mvano anagwa nacho chiseko. Wina anafunsa ngati nzimbe nazo zili m'gulumo. Consolata anati zilimo. Nanga thobwa wothira shuga? Alimonso. Apongozi analamula kuti Loweruka linalo aliyense abwere ndi mtedza kapena mazira. Dina anati iye amakonda mtedza wokazinga, amayiwo nalonjeza.

Kenako apongozi anaika botolo pansi, pafupi ndi mawondo a Esau, maso ali kumbali.

"Nyamulani, bambo a Dina. Mukamwere kuseri."