Kamluzu ka Pakhosi pa Tadala

Ndinalota nditabereka mwana wanga Tadala kumbuyo. Sindinachitepo zimenezi chimuikireni kapaipi kopumira pakhosi, poti nsalu ikhoza kukatseka ine osaona, ndipo iyeyu akamalira samveka mawu.

M'malotomo tinali kuchigayo. Ufa unkagwa kuchokera kudenga ngati mvula, wotentha, ukununkha mankhwala akuchipatala. Woyendetsa chigayo anali dokotala amene amamuchita maopaleshoni uja, ali mbuu thupi lonse, akupeta timapaipi m'lichero.

Kenako kumbuyo kwangako kunamveka mawu: "Amayi, ndili ndi ludzu." Anali mawu a Tadala, omwe sindinawamvepo. Ndinaseka mpaka misozi. Ndili m'kati moseka, ndinazindikira kuti kamluzu kamene kamamveka pakapaipi kaja akamapuma, kamene ndimakatchera khutu nthawi zonse, kasiya. Ndinayesa kucheuka, khosi linakana. Ndinayesa kumasula chitenje, mfundo inali itasanduka mwala.

Ndinadzidzimuka ndili pabenchi, panja pa chipinda cha opaleshoni, masanasana. Namwino anandigwira paphewa nati, "Amake Tadala, sanatuluke, tadikiranibe."

Mawu a Tadala ndawapempherera kwambiri. Koma ngati amabwera chonchi, Ambuye, ingondibwezerani kamluzu kaja.