Matcheni a Herminia

"Ine matcheni ndimamanga m'mphindi zisanu, maso ali chitsinzinire. Zaka makumi atatu ndikuwoloka phiri ili, silinandibwezepo ndi chipale chake!"

Anatero Don Eleuterio Quiroga m'kanyumba kanga ka malata pa Punta de Vacas, akuwotha manja pa mbaula. Ine ndine Cirilo. Ndinali dalaivala wa lole mpaka mwendo unandikana. Masiku ano ndimagulitsa khofi pafupi ndi chipata cha asilikali, koma mabodza ndimamvetsera ulere. Tsikulo omvera tinalipo awiri, ine ndi galu.

"Zisanu, madala? Chaka chathachi munkati khumi."

"Ena akamakalamba amalemala mwendo, ena timachangamuka."

Munali mu Julayi, chipale chofewa chitagwa masiku awiri. Nyengo yozizira palibe galimoto imakwera phiri popanda matcheni omanga pamatayala kuti isaterereke. Masiku ambiri asilikali amangosuzumira m'thumba la matcheni n'kukuuza kuti pita, koma tsikulo anafuna awaone ali pamatayala. Analengezanso kuti msewu utsekedwa 12 koloko masana chifukwa chimphepo chinali m'njira, ndipo ukatsekedwa chotero pamatha masiku anayi. Malole ena onse anali atakwera kale m'mawa.

Eleuterio sakanadikira masiku anayi. Mawa lake ku Los Andes, tsidya la phiri m'dziko la Chile, kunali Misa yokumbukira kuti patha chaka mkazi wake Herminia chimwalirireni. Herminia anadwalira kwawo komweko, ndipo pamaliro mwamuna wake sanafike chifukwa msewu womwewu unali wotseka. Phiri limene akuti silinam'bwezepolo. Mwana wawo Nélida sanamukhululukire, ndipo ulendo uno anachita kunena pafoni: "Bambo, mukalepheranso, nambala yanga muifufute."

Zaka zonsezo banjali linkayenda limodzi m'lole. Herminia anali wamfupi, wosayankhulayankhula, manja ake olimba ngati sipanala. Bulangete lake lofiira linali likadali pampando wa pambali pa dalaivala, kumene ankakhala, lopindidwa bwinobwino.

Itangodutsa 11 koloko, msilikali wamkazi anagogoda pachitseko, mphuno itafiira.

"Mwini lole ya buluu ija ndani? Bambo, mangani matcheni. Nthawi ikakwana nditseka, olo mulire."

"Mwana wanga, ndinayamba kumanga matcheni iwe usanabadwe."

"Ndiye sizivuta."

Ndinatola ndodo yanga. "Tiyeni ndikakugwirireni, madala. Ntchito imeneyi n'ja awiri."

"Khala pansi, iwe wa mwendo umodzi ndi theka. Ukagwa ndidzanyamula chiyani, matcheni kapena iwe?"

Ndinakhala. Munthu akakana thandizo pamaso pa msilikali wamkazi, kumukakamiza n'kumuvula. Ndinapukuta zenera ndi dzanja n'kumaonerera.

Kunja kunalibe munthu wina. Msewu woyera, mapiri oyera, lole imodzi. Eleuterio anatsitsa thumba, nakhuthula matcheni pa chipale. Anali opotana ngati matumbo. Anawatembenuza uku, anawatembenuza uko. Anayala limodzi kutsogolo kwa tayala la kumbuyo, ngowe zitayang'ana kolakwika. Ine ndili m'nyumba ndinaziona. Anagwada n'kuliyang'anitsitsa, ngati munthu amene wapatsidwa kalata ya chilankhulo chachilendo.

Kumanga matcheni kumayenda chonchi: wina amayala ndi kukoleka, wina amakhala pachiwongolero. Wapansiyo akamenya mbali ya lole kawiri, wam'mwambayo amasuntha pang'ono kuti tayala likwere pa tcheni. Ndinayamba kukumbukira nyengo zonse zimene ndinaona lole ya buluu itaima pamenepa. Amene ankagwada m'chipale anali wamfupi, wovala chipewa cha ubweya. Winayo ndinkangomuona chigongono pazenera.

Pofika mphindi khumi kuti ikwane 12, ndinaleka za ulemu. Ndinatuluka ndi ndodo yanga, koma mwendo wanga pa chipale umayenda ngati wobwereka. Lole inali patali ngati ku Chile komweko.

Eleuterio anadzuka, nasasa mawondo, nakwera m'lole. Analiza injini. Anatsitsa zenera, natulutsa chigongono, napendeketsa khutu chakumbuyo.

Anadikira.

"Madala!" ndinakuwa, mphepo n'kundibwezera mawu m'kamwa.

Sanandimve. Anali kumvetsera zina. Matcheni anali gone pa chipale, chipale chatsopano chikuyamba kuwakwirira, ndipo kumbuyo kwa lole kunalibe womenya kawiri.

Msilikali anayang'ana wotchi, anayang'ana chigongono chija, anadikirako mphindi imodzi yosakhala ya m'malamulo. Kenako anatsitsa chitsulo chotsekera msewu.