Jeradori Imene Anasankha Alamu

Efigénia ndi mwamuna wake Nicolau anali ndi kamiyau, lole yakale, imene ankazungulira nayo midzi ya ku Domwe ndi Lifidzi kugula mbatata ya kachewere. Nyengo yokumba ikafika, kamiyauyo ndiyo inali nyumba yawo. Ankaima m'mphepete mwa munda, kukoka lona, chinsalu chokhuthala chofunditsira katundu, kuchokera pamwamba pa galimoto mpaka pansi, n'kumagona momwemo kufikira matumba atadzaza. Ulendo wina mphepo ya m'phiri inagwetsa koloboyi, moto n'kugwira lona, mwana wawo Zita n'kupsa mkono. Kuyambira tsiku limenelo Efigénia analumbira kuti mwana wake sadzagonanso pafupi ndi lawi.

Ndiye m'chaka cha 1972, mvula itangosiya, anagwirizana zopita ku tauni ya Vila Coutinho kukagula jeradori, injini yopanga magetsi, yoti aziyenda nayo kuminda. Akunyamuka, anangoona a Afonso, akulu ake a Nicolau, atulukira atavala jekete, n'kukhala kutsogolo popanda wowaitana. Efigénia anakwera kumbuyo ndi mwana, mtima utayamba kale kuwawa.

Mwini loja, sitolo imene anafikirako, mzungu wina dzina lake Pita, anali ndi majeradori awiri. Ina inali yaing'ono, ya gazolina, ndiye kuti petulo, yokhala ndi zogwirira m'mbali moti anthu awiri akanatha kuinyamula. Inayo inali chimphona chobiriwira chomwera gazoliyo, mafuta a dizilo, chokhazikika pa zitsulo ngati chigayo.

"Tilizireni zonse, senyoro, timve," anatero Efigénia.

Pita anakoka chingwe cha yaing'onoyo. Inalira mofatsa, babu limene linali pakhoma n'kuwala. Kenako anapukusa yaikulu ija. Inatsokomola, n'kubangula, mabotolo a m'mashelefu n'kuyamba kugundana. Utsi unadzaza m'loja, Zita n'kubisa nkhope m'chitenje cha mayi ake.

"Yathu ndi iyi yaing'onoyi," anatero Efigénia phokoso litatha. "Tikufuna kuwala kwa pansi pa lona basi. Tiziitsitsa awirife, malo ake ndi a thumba limodzi. Nanga chinachi atinyamulire ndani kumunda?"

A Afonso anaseka. "Mlamu, kameneko ndi kachidole ka azungu opita kokasaka. Mwamuna weniweni sagula zimenezo. Nicolau, tenga yaikuluyi. Imeneyi iyatsa mababu ambiri, wailesi, chilichonse."

"Wailesi ya ndani? Kumunda kuli wailesi?"

"Ine ndikulankhula ndi mng'ono wanga."

Efigénia anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Zita, tinagwirizana chiyani kunyumba? Amagona pansi pa lona ndi ndani, ife kapena alamu?"

Nicolau anayang'ana pansi, kukanda m'khosi, kenako anati, "Akulu anena, mayi a Zita. Yaikulu imakhalitsa."

Efigénia anamva thupi lonse kutentha. Sanafune kukalipa pamaso pa mzungu, choncho anatuluka n'kukaima panja. Anaonerera amuna a m'loja akulimbana ndi chitsulo chija, kuchikankhira m'kamiyau ndi mitengo, thukuta lili kamukamu. Chitakwera, galimoto inawerama kumbuyo ngati ng'ombe yothyoka msana.

Pobwerera sanalunjike kwawo. Kamiyau inakhota n'kuima pa kantini ya a Afonso, pomwe ankagulitsa vinyo ndi sopo. Pakhonde panali patamangidwa kale kachisakasa katsopano, pansi pake atathira simenti. Efigénia ataona simentiyo, yowuma bwinobwino, anazindikira kuti nkhaniyi inaphikidwa kalekale iye asakudziwa.

Analumpha pansi. "Ndiye kachisakasa aka n'kachiyani, alamu?"

"Tiisunge pano mpaka nthawi yokumba. Kwanu kulibe poika."

"Bodza! Munandilola kusankha ngati chitsiru muli ndi malo ake kale! Chaka chonse ndakhala ndikusenza matumba, msana uwu, kuti mwana wanga agone pabwino. Inu mwatenga thukuta langa kuti zidakwa zanu zizionana nkhope!"

Anthu anayamba kusonkhana. Nicolau anamugwira mkono. "Tsitsani mawu, mayi a Zita, mukundichititsa manyazi."

"Manyazi mukuwadziwa inu? Mukanawadziwa mukanayankhula m'loja muja!"

Anabereka mwana n'kuuyamba wapansi, osacheuka ngakhale Nicolau ankaliza hutala kumbuyo kwake.

Nyengo yokumba inafika, jeradori sinasunthe. A Afonso anati yamangidwa ndi mabawuti, kuichotsa n'kuiwononga. Efigénia anakana kupita kuminda. Nicolau anapita yekha, koma amayi olima mbatata anali atazolowera kuchita malonda ndi Efigénia, amene ankawadziwa mayina ndi ana awo omwe. Ambiri anagulitsa kwa ena, ndipo kamiyau inkabwera matumba ali pansi penipeni. Kunyumba Efigénia ankaphika, kuika chakudya patebulo, n'kutuluka osanena kanthu. Chimene chinkamupsetsa mtima koposa chinali chakuti mphepo ikaomba kuchokera kumsika, kubangula kwa injini ija kunkafika mpaka pakhomo pake.

Kubangula komweko kunafikanso kwina. Masiku amenewo nkhondo yomenyera ufulu inali itayandikira, ndipo asilikali achipwitikizi anali atamanga msasa kuseri kwa phiri. Tsiku lina m'mawa a Afonso anafika kwa Nicolau wefuwefu, opanda jekete.

"Abwera a tropa," anatero. "Akuti injini yotere siyenera kukhala m'manja mwa munthu wamba, mwina ndikuwunikira anthu a m'tchire amene akumenyana nawo. Akuti ifike kumsasa lero lomwe, apo ayi anditenga ine. Nicolau, tulutsa kamiyau."

Efigénia anali akusesa pabwalo. Sanawapatse mpando. Anaimika tsache n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwamuna weniweni uja ndi ameneyu?" anafunsa. "Inyamuleni pamutu, alamu. Si inu munaisankha?"

"Mlamu, chonde, andimanga."

Efigénia anafuna kuwasiya kuti alawe. Koma anaganiza za akazi awo ndi ana, amene sanalakwe kanthu, ndipo ankadziwa kuti otengedwa kupita kumsasa kuja si onse ankabwerako. Anaponya tsache pansi.

"Tulutsani galimoto, bambo a Zita. Koma ndikwera nawo, ndione ndi maso anga kumene thukuta langa likupita."

Anakamasula jeradori ija kukantini, n'kukaitula pachipata cha msasa dzuwa lili pamutu. Msilikali wina anangoloza poika, osawayang'ana n'komwe, kenako anawakupiza ndi dzanja kuti achoke. Panalibe zikomo, panalibe lonjezo loti idzabwerera.

Panjira Nicolau anayesa kuyankhula. "Ndinalakwa, mayi a Zita. Tikafunse kwa Pita ngati yaing'ono ija ilipobe."

"Inapita kalekale. Ndinafunsa ndekha mwezi watha, anagula mzungu wosaka njati."

Nicolau anamucheukira modabwa.

"Mverani," anatero Efigénia. "Chaka chamawa kuminda ndipita, chifukwa ana sadya mkwiyo. Zita azitsala kwa amayi anga. Koma chilichonse chogula pa galimoto ino, kaya tayala kaya chingwe, tizikambirana awiri, ndipo chimene tagwirizana m'nyumba chisadzasinthenso pakhomo pa loja. Mukadzabwereza, mudzandipeza kwathu ku Lifidzi."

Nicolau anavomera ndi mutu. Atafika pa kantini, a Afonso anatsika n'kuyamba kuthokoza, manja ali pachifuwa. Efigénia anayang'ana kumbali, ndipo panapita zaka asanalowenso m'kantinimo.